Za Ziwongolero za Magalimoto Amakedzana

Munthu amene watsika minibasi pa Kanengo m'miyezi ya msika wa fodya, naima pambali pa msewu waukulu wa M1 umene umachokera mumzinda wa Lilongwe kulowera ku Lumbadzi ndi ku Kasungu, adzaona malole atandanda pamzere ndi mabelo awo kudikira nthawi yolowa ku okushoni. Adzaonanso nkhokwe zazitali za chimanga, njanji yochokera ku Salima, mafakitale ndi magalaja. Koma pali malonda ena amene sakopa maso a mlendo, ndiwo a anyamata ogula zitsulo zakutha, amene amazungulira m'makwalala a Mgona ndi Area 25 ndi sikelo m'manja, kusonkhanitsa chilichonse chimene dzimbiri lachigwira. Pa milu imene iwo amaunjika, pakati pa masipuling'i othyoka ndi zitseko zopindika, nthawi zina pamagona chiwongolero cha galimoto yakalekale, ndipo chimagulidwa pa kulemera kwake monga chitsulo china chilichonse. Nkhani imeneyi imandiwawa mumtima, pakuti m'maiko ena muli anthu amene amatha zaka akufunafuna chinthu chomwecho chimene ife tikuchiyeza pa kilogalamu. Ndiponso, kuposa za ndalamazo, chiwongolero ndicho chiwalo chokhacho cha galimoto chimene dzanja la munthu linachigwira ulendo wonse, kuyambira ponyamuka kufikira pofika, kotero kuti chikatayika, umboni wa ntchito ya madalaivala athu akale watayika nacho pamodzi.

Magalimoto oyambirira analibe chiwongolero chozungulira. Woyendetsa ankagwira ndodo yachitsulo, naikankhira uku ndi uku monga achitira woyendetsa boti la injini panyanja, ndipo galimoto ikathamanga pang'ono ndodoyo inkavuta kuigwira. M'chaka cha 1894, pa mpikisano wochokera ku Paris kupita ku Rouen m'dziko la France, munthu wina dzina lake Alfred Vacheron anafika ndi galimoto ya Panhard imene anaiikira gudumu m'malo mwa ndodo. Pofika 1898 kampani ya Panhard inali itayamba kutulutsa magalimoto ake ndi gudumulo, ndipo posakhalitsa opanga ena onse anatsata njira yomweyo.

Wachinyamata wa lero amene anaphunzira kuyendetsa pa Sienta kapena Vitz yochokera ku Japan, imene imakhota ndi chala chimodzi, akaona chiwongolero chakale amayamba wadabwa ndi kukula kwake. Kukulako kunali ndi chifukwa. Makina othandiza kukhotetsa matayala anayamba kugulitsidwa m'galimoto ya anthu wamba mu 1951, pa Chrysler Imperial ya ku America, koma anatenga zaka zambiri kuti afike m'magalimoto otsika mtengo ndi m'malole amene ankayenda m'misewu yathu. Ndipo popeza mphamvu yonse yokhotetsa inkachokera m'mapewa a munthu, mkombero unayenera kukhala waukulu kuti dzanja lipeze poyambira. Dalaivala wa lole ya Bedford yodzaza fodya, potsika mapiri a Dowa kapena a Ntchisi pa msewu wafumbi wokumbika ndi mvula, ankalimbana ndi chiwongolero chake ndi thupi lonse, ndipo tayala likagunda mwala, chiwongolerocho chinkabweza mwaukali wotha kuthyola chala chachikulu. N'chifukwa chake akuluakulu a ntchitoyi ankalangiza ophunzira kuti zala zazikulu zizikhala kunja kwa mkombero, zisalowe pakati pa masipoko. Amene anamvera anakalamba ndi zala zawo zonse, pakuti mawu a akuluakulu akoma akagonera.

Ziwongolero zambiri za nthawi imeneyo zinali ndi chitsulo mkati, ndipo kunja zinkakutidwa ndi mphira wolimba wakuda kapena ndi mapulasitiki oyambirira, a mtundu wa Bakelite imene Leo Baekeland anaitulukira mu 1907 ndi ena amene anabwera pambuyo pake. Chifukwa cha kugwedeza kwa misewu, amisiri a m'zaka za m'ma 1930 anayamba kupanga masipoko a mawaya angapo oonda oyalidwa pamodzi, kuti mawayawo azimwa kugwedezako kusanafike m'manja. Chiwongolero chotere amachitcha banjo, popeza mawaya ake amaoneka ngati nsambo. Land Rover zoyamba, zimene zinatuluka ku England mu 1948 ndipo zinadzaza m'maboma, m'mamishoni ndi m'maesiteti a dziko lino, zinali ndi chiwongolero chotere. Chimodzimodzinso Morris Minor zambiri. Aliyense amene anayendetsapo Land Rover yakale m'nyengo ya dzinja akudziwa kuti chinyezi chikachuluka mkombero wake umanyowa n'kumata, ndipo dalaivala amatsika manja ali bii.

Chiwongolero chotere chimafuna kuchiyang'ana modekha, pafupi, chitapukutidwa fumbi ndi kansalu konyowa. Ming'alu imayambira pamene masipoko alowa mu mkombero, chifukwa chitsulo cha mkati ndi chokutira chake sizifutukuka mofanana dzuwa likatentha. Kunsi kwa mkombero kuli timabampu timene anatiumba kuti zala zizigwira bwino. Ndipo popeza magalimoto athu amayenda kumanzere, dalaivala nakhala kumanja ndi kusintha magiya ndi dzanja lamanzere, kawirikawiri mbali ya kumanja ndiyo imapezeka itaperepeseka koposa, timabampu take titatha, pamalo pamene dzanja lamanja linakhazikika zaka makumi awiri kapena atatu. Monga mpini wa khasu umatenga maonekedwe a dzanja la mwini wake, kotero kuti mwana akaugwira amadziwa pamene bambo ake ankagwira, chomwechonso chiwongolero chimasunga kagwiridwe ka munthu amene mwina dzina lake palibenso amene akulikumbukira.

Komatu ziwongolero zimene zimavutitsa mitima ya osonkhanitsa zinthu zakale koposa zonse ndi zamatabwa. M'chaka cha 1951, mumzinda wa Turin ku Italy, Enrico Nardi, munthu amene anali atathamangitsapo magalimoto pa mipikisano ndi kuwakonza ndi manja ake, anayamba kupanga ziwongolero za masipoko atatu a aluminiyamu wopukutidwa mpaka kunyezimira, ndi mkombero wa timatabwa topyapyala tomatidwa pamodzi, topalidwa ndi kupakidwa vanishi pamanja. Ndipo pa sipoko imodzi ankazokotapo siginecha yake, imene ikuzokotedwabe pa ziwongolero za dzina limeneli kufikira lero lino, ngakhale mwini wake anamwalira mu 1966. Magalimoto a Ferrari a zaka zimenezo ankatuluka m'fakitale ndi ziwongolero zake. Thabwa lokondedwa pa ntchitoyi linali mahogany, ndipo mmisiri wa matabwa wa ku Kawale kapena ku Chinsapo akaligwira sangalione lachilendo, pakuti mbawa yathu, imene timapangira zitseko ndi mipando ya m'matchalitchi, ndi ya banja lomwelo, yofiirira chomwecho, yosavuta kupala ndi yosapindika msanga. Ndimaganiza kawirikawiri kuti luso lofunika pokonza mkombero wotere ukamatuka, la kudziwa thabwa, guluu ndi vanishi, lilipo kale m'manja mwa amisiri athu, ndipo chimene chikusowa ndi munthu woti awasonyeze ntchitoyo ndi kuwalipira mtengo woyenera kudekha kwake.

Ku England kampani ya Moto-Lita inatchuka ndi ntchito yofananayo, ndipo Jaguar E-Type imene inatuluka mu 1961 inali ndi chiwongolero chathabwa cha mainchesi 16, masipoko ake atabooledwa mabowo kuti apepuke. Ku Italy komweko Gianpiero Moretti anapanga chiwongolero chaching'ono chonenepa chokutidwa ndi chikopa, chimene John Surtees anachigwiritsa ntchito pamene anapambana mpikisano wa dziko lonse wa Formula One ndi Ferrari mu 1964. Kampani ya Momo inachokera pamenepo. Ena anatsata nzeru zawozawo. Mercedes-Benz 300 SL ya 1954, ya zitseko zotsegukira kumwamba, inali yovuta kulowamo, choncho chiwongolero chake anachipanga chopindikira pansi kuti miyendo ya dalaivala idutse. Citroën DS ya 1955 inabwera ndi sipoko imodzi yokha. Ndipo Mercedes zina zinali ndi chiwongolero choyera ngati mnyanga wa njovu, chokhala ndi mphete yachitsulo yonyezimira yolizira hutala. Masiku amenewo munthu ankatha kudziwa mtundu wa galimoto pongosuzumira pawindo.

Pa magalimoto atsopano otuluka m'fakitale, zonsezi zinatha chifukwa cha ngozi, ndipo kutha kwake kunali koyenera. Chitsulo chimene chimanyamula chiwongolero chinali cholimba, cholunjika pachifuwa cha dalaivala, ndipo pa kugundana kwa magalimoto chinkabaya; mkombero wathabwa unkasweka n'kusanduka zisonga. Kuyambira mu 1968 malamulo a ku America anayamba kufuna chitsulo chotha kufupika pa ngozi, opanga magalimoto anayamba kukuta ziwongolero ndi zofewa, ndipo mu 1981 Mercedes-Benz inayamba kugulitsa magalimoto okhala ndi thumba la mpweya pakati pa chiwongolero. Pano ndiyenera kunena mawu amodzi kwa anyamata amene amachotsa chiwongolero cha galimoto yamakono ndi kuikapo kena kakang'ono kokongola: mukatero mwachotsa thumba limene likanakupulumutsani, ndipo kukongola kwa thabwa sikungabwezere mayi mwana wake. Chiwongolero chakale malo ake ndi m'galimoto yakale imene chinapangidwira, kapena pakhoma.

Nanga n'chifukwa chiyani chasowa chotere, pamene magalimoto amene anali nacho anali ochuluka? Adani ake ndi ambiri, ndipo m'dziko lotentha ngati lathu amagwira ntchito mofulumira. Galimoto ikafa n'kusiyidwa kuseri kwa nyumba, magalasi amayamba kuchoka, ndipo dzuwa la mwezi wa Okutobala limagwera pa chiwongolero tsiku ndi tsiku kufikira pulasitiki ataphulika; mvula imalowa m'ming'alumo, dzimbiri limatupa mkati ndi kukankha chokutiracho mpaka chigwe zidutswazidutswa; chathabwa chimamatuka, ndipo chikagona pansi chiswe sichichedwa. Injini ndi giyabokosi amakaniko amazisunga, popeza amadziwa kuti tsiku lina adzachotsamo kanthu, koma chiwongolero sichiwonongeka kawirikawiri pa galimoto yoyenda, motero palibe amene amachifunsa, ndipo chosafunsidwa sichisungidwa. Cha masipoko a aluminiyamu chili ndi mdani winanso, ndiye moto wa osula mapoto, amene amasungunula aluminiyamu aliyense wopezeka. Ine sindiwadzudzula, pakuti akufuna chakudya cha ana awo ndipo mapoto awo amatiphikira tonsefe, koma sipoko ikalowa m'ng'anjo siibwereranso. Pomaliza pali mafashoni: m'zaka za m'ma 1970 ndi 1980 eni magalimoto ambiri, kuno ndi kunja komwe, anachotsa ziwongolero zazikulu za kufakitale pofuna zazing'ono zooneka zaliwiro, nataya zoyambazo, kotero kuti lero pali magalimoto akale ambiri amoyo kuposa ziwongolero zawo zenizeni.

Apa ndi pamene mtengo umachokera. Ku Ulaya, ku America, ku Japan ndi ku South Africa kuli anthu amene amaukitsa magalimoto akale ndi kuwabwezera mmene analili tsiku lotuluka m'fakitale, ndipo pa zionetsero ndi pa malonda a okushoni galimoto imayesedwa ndi funso limodzi lalikulu, lakuti kodi ziwalo zake ndi zomwe inabadwa nazo kapena ndi zongopanganso. Ndalama zimene zimayenda kumeneko n'zochititsa chizungulire: Ferrari 250 GTO ya 1962, imene mwa mtundu wake zinapangidwa 36 zokha, inagulitsidwa ku Monterey mu 2018 pa madola a ku America oposa 48 miliyoni. Mwini galimoto ya mtundu wotere, kapena ya Jaguar ndi Mercedes yosowa, akapeza chiwongolero chenicheni cha chaka choyenera sawerengera madola masauzande angapo, pakuti ndicho chimene maso ake adzaona ndi manja ake adzagwira nthawi iliyonse akakhala pampando.

Koma ndingachimwire owerenga ndikawasiya akuganiza kuti chiwongolero chilichonse chakale ndi chuma chobisika. Zambiri si choncho. Volkswagen Beetle zinapangidwa zoposa 21 miliyoni, ndipo ku Uitenhage m'dziko la South Africa zinkalumikizidwa kuyambira 1951 mpaka 1979. Kabaki ka Datsun 1200, kamene pambuyo pake kanatchedwa Nissan 1400, kanapangidwa ku South Africa komweko mpaka 2008. Peugeot 504 inapitirira kulumikizidwa ku Kenya ndi ku Nigeria zaka zambiri ku France italeka. Ziwongolero za magalimoto otere zilipo zambiri, zatsopano zongopanganso zikugulitsidwanso, ndipo mtengo wa chakale n'ngwapakatikati, ngakhale umaposa kutali wa pa sikelo chikakhala chosang'aluka. Zimene zimakweza mtengo ndi kuchepa kwa magalimoto a mtunduwo, kukhala cha zaka zoyambirira za mtunduwo, kukhala chathunthu pamodzi ndi batani la hutala ndi chizindikiro chake, pakuti kabataniko nthawi zina kamasowa kuposa chiwongolero chenichenicho, ndi kudziwika bwino kumene chinachokera. Kunena zoona, ife sitidzapeza Ferrari kuseri kwa nyumba ku Area 23; chimene tingapeze ndi cha Land Rover yoyambirira, cha Mercedes yakale, cha Morris, Austin kapena Ford Anglia, kapena cha Peugeot 404 ija ya giya ya pansi pa chiwongolero, imene inapambana mpikisano wa East African Safari mu 1963, 1966, 1967 ndi 1968, ndipo inakondedwa mu Africa monse chifukwa cha kupirira kwake.

Pali msampha wina woyenera kuudziwa. Popeza maina a Nardi ndi Momo amagulitsa, ziwongolero zabodza zolembedwa maina amenewa zadzaza m'misika ya dziko lonse lapansi, zonyezimira bwino koma za chitsulo chofewa chimene munthu wamphamvu angachipinde ndi manja. Chikomekome cha nkhuyu, mkati muli nyerere. Chenicheni chimadziwika ndi kulimba kwake, ndi ukhondo wa zolemba zozokotedwa, ndi zidindo za kuseri kwa masipoko, kumene Momo zambiri zakale zili ndi manambala osonyeza mwezi ndi chaka chimene zinapangidwa. Chodabwitsa kwa ambiri n'chakuti chakale chenicheni kawirikawiri sichiwala ngati chabodza.

Amene wapeza chiwongolero chotere asafulumire kuchikongoletsa, chifukwa zambiri zawonongeka m'manja mwa anthu ofuna kuzichitira zabwino. Asachichotse pa galimoto pochimenya ndi hamala, pakuti pakati pake pali timano tating'ono timene timalumana ndi mano a chitsulo chochinyamula, mtundu uliwonse wa galimoto uli ndi kawerengedwe kake ka manowo, ndipo akaphwanyika chiwongolerocho chatha ntchito. Amakaniko odziwa a ku Biwi Triangle ndi a ku Kanengo ali ndi chida chokokera chimene chimachizula bwinobwino. Asachipale ndi sandipepa kapena kuchipaka penti wa zitseko, popeza wogula wodziwa amakonda kuperepeseka kwa zaka kusiyana ndi kuwala kwa dzulo. Achisunge pouma, pamthunzi, chopachikidwa kutali ndi dothi. Ndipo asanatchule mtengo kwa munthu aliyense, ayambe wajambula zithunzi za kutsogolo ndi kuseri ndi kufufuza pa intaneti mmene zinzake zikugulidwira, pakuti safunsa anadya phula, ndipo wogula wobwera ndi mawu okoma amadziwa kale chimene wogulitsa sakuchidziwa.

Ngakhale zili choncho, mtima wanga sukondwera ndi ganizo lakuti zonse zimene zatsala zikwere ndege. Pa nyumba yosungiramo zinthu zakale ya ku Chichiri mu Blantyre pali makina ndi zoyendera zakale zimene ana a sukulu amakaziona. Koma Lilongwe, amene wakhala likulu kuyambira 1975, anamangidwa ndi mchenga, njerwa ndi simenti zonyamulidwa pa malole, ndipo Kanengo yense ndi mudzi wa madalaivala, amakaniko ndi onyamula katundu. Timakumbukira Rolls-Royce ya Dr. Kamuzu Banda, koma amene ankayendetsa mabasi a United Transport Malawi usiku wonse, amene ankathamangitsa odwala pa Land Rover za zipatala zamishoni, amene anabwera ndi galimoto zawo kuchokera ku Harare ndi ku Johannesburg atagwira ntchito zaka zambiri, mbiri yawo siinalembedwe mokwanira. Khoma limodzi m'chipinda chimodzi, pa sukulu yophunzitsa umakaniko kapena pa kampani yonyamula katundu, lingathe kunyamula ziwongolero makumi awiri, chilichonse ndi kapepala kake. Ana athu a ku Mgona, amene kufikira lero amapinda mawaya kupanga timagalimoto ndi kutiikira chiwongolero chachitali choyendetsera ali chiimire, sangafune wowakakamiza kuti akazione.

Kapepalako ndiko kofunika koposa, kwa wogulitsa ndi kwa wosunga yemwe, ndipo kalembedwe pamene odziwa akali moyo. Ngati galimoto inali ya agogo kapena ya amalume, apite munthu akakhale nawo pansi ndi kuwafunsa mwaulemu kuti, "Agogo, galimoto ija munaigula kuti, ndipo inkayenda msewu uti?" Alembe mtundu wa galimoto ndi chaka chake, nambala yake ya pamsewu, ngati inali ya boma ya zilembo za MG kapena ya munthu wamba, nambala ya chasisi ngati chigoba chikadalipo, dzina la amene ankaiyendetsa ndi katundu amene inkanyamula. Ngati bulubuku yake kapena chithunzi chake chakale chikadali m'sutikesi, aziike m'pulasitiki pamodzi ndi kapepalako, ndipo zonse azimangirire pa sipoko ndi kachingwe kofewa, osati waya, chifukwa waya umakanda.